Kuchokera kwa a Youth kufika pa Facebook: mbiri ya malamulo otseka pakamwa

Amene anakula m'nthawi ya Kamuzu amakumbukira kuti m'basi munthu sankayankhula za boma mwachisawawa. Woyandikana naye ankatha kukhala wapolisi wachinsinsi wa Special Branch, ndipo mawu amodzi olakwika ankafikitsa munthu kundende ya Mikuyu popanda kuonana ndi woweruza. Mantha amenewa anali ndi malamulo owachirikiza. Mu 1967 kunabwera lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko, lomwe linkaletsanso kunyoza pulezidenti. Mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Pansi pa zonsezi panali Penal Code, buku la milandu ndi zilango la atsamunda, momwe kuipitsa mbiri ya munthu unali mlandu wopita nawo kundende, osati wongolipitsana kukhoti.

Ufulu wa zipani zambiri utabwera, malamulo aakulu a 1994 anapereka ufulu wolankhula mu gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani mu gawo 36. Koma malamulo akale aja sanachotsedwe. Anangogonekedwa, ndipo boma lililonse linkawadzutsa likapsa mtima. Mu 2011 boma la Bingu linawonjezera mphamvu za nduna zoletsa nyuzipepala, ndipo mphamvuzi zinachotsedwa chaka chotsatira, Joyce Banda atalowa.

Chimene chinasintha masewera ndi foni. Kale wofuna kutseka pakamwa pa anthu ankangoyang'anira nyuzipepala zochepa ndi wayilesi ya MBC. Tsopano mphunzitsi wa kumudzi kapena mnyamata wa kabaza akhoza kulemba ndime ziwiri usiku, kutacha dziko lonse lawerenga. Yankho la boma linali lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Muli zabwino, monga kulimbana ndi akuba a pa foni, koma gawo 87 limalanga mawu osokoneza mtendere wa wina ndi chindapusa cha K1 miliyoni komanso chaka m'ndende. Mawu oterowo ndi ati? Amaganiza ndi wapolisi amene walandira dandaulo, ndipo wodandaula kawirikawiri sakhala munthu wamba. Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa gulu la WhatsApp zokhudza pulezidenti. Chaka chomwecho mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa, apolisi n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene anamupatsa nkhani.

Nkhani yomwe inafika patali ndi ya Joshua Chisa Mbele, yemwe anamangidwa mu Januwale 2022 chifukwa cha zolemba zake pa Facebook, wodandaula ali mkulu wa asilikali wa nthawiyo, General Vincent Nundwe. Mbele sanangodikira kuti mlandu uzizire monga amachitira ambiri. Anakatsutsa gawo 200 lenilenilo la Penal Code, lokhudza kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo mu Julayi 2025 oweruza atatu anagamula kuti kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Wonamiziridwa akasume, apepesedwe ndi ndalama.

Aphungu nawonso anachotsa mlandu wogalukira boma ndi mawu mu Novembala 2022. Koma chigamulo cha Mbele sichinakhudze lamulo la 2016, ndipo ndi limeneli lomwe apolisi amatchula masiku ano akamagogoda pakhomo kudzatenga foni ya munthu.