Kodi chibwano cha chimphona cha nkhonya chimatha?

Pa 1 June 2024 ku Riyadh, Zhang Zhilei wa ku China anagunda Deontay Wilder m'raundi yachisanu mpaka thupi lonse kutembenuka. Asanadziwe komwe wayang'ana, nkhonya yachiwiri inamugoneka pansi. Anadzuka, koma miyendo inali itakana, ndipo woimbira anathetsa nkhonyazo. Kutacha, aliyense wokonda masewerowa ankanena mawu amodzi: chibwano cha Wilder chatha. Ankakumbukira kuti munthu yemweyu mu 2020 anakunthidwa ndi Tyson Fury maraundi asanu ndi awiri koma anakwiya pamene anthu ake anaponya thawulo, chifukwa iye ankafunabe kupitiriza.

Pa ntchito yanga yopima omenya nkhonya asanalowe m'bwalo, funso limeneli limabwera kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa aphunzitsi. Yankho langa ndi lakuti inde, mphamvu yopirira nkhonya imachepa. Koma chimene chimatha si fupa la chibwano ayi. Fupalo lili bwinobwino ngakhale mwa munthu amene wakomoka kasanu. Nkhani yonse ili m'chigaza.

Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'madzi mkati mwa chigaza. Tengani mbale ya phala lozizira pang'ono, muipotoze mwadzidzidzi: mbale imayamba kuzungulira, phala limatsalira kaye kenako n'kutsatira. Mutu ukapotozedwa ndi nkhonya, chigaza chimatsogola, ubongo umatsalira, ndipo tiulusi tating'ono tolumikiza mbali zosiyana za ubongo timakokeka. Kukokeka kumeneku kukafika ku tsinde la ubongo, komwe kuli mbali yotisunga ogalamuka, munthu amazima ngati nyali. N'chifukwa chake nkhonya ya pamphumi, ngakhale ikhale yolemera, nthawi zambiri siigwetsa munthu, pamene ya pansonga pa chibwano imagwetsa. Chibwano chili kutali ndi pamene mutu umazungulirira pa khosi, choncho chimagwira ntchito ngati sipanala yaitali: mphamvu yochepa, kupotoza kwakukulu.

Chimene chimaletsa kupotozako ndi khosi, ndipo khosi limalimba pokhapokha maso ataona nkhonya ikubwera. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Munthu akagwa kamodzi amati watha, pamene mwina anangophonya kuona nkhonya imodzi. Lennox Lewis anagwetsedwa ndi Oliver McCall mu 1994 m'raundi yachiwiri. Mu April 2001 anagwanso ndi dzanja lamanja la Hasim Rahman ku Carnival City, ku Brakpan m'dziko la South Africa, atafika mochedwa kumalo okwera kumene mpweya ndi wochepa, komanso atapeputsa mdani wake. Onse awiriwa anadzawagonjetsa atakumananso. Mu 2003, ali ndi zaka 37, analandira nkhonya zoopsa za Vitali Klitschko osagwa. Chikhala kuti kugwa kuwiri kuja kunali umboni wa chibwano chotha, sakanaima tsiku limenelo.

Wladimir Klitschko ndiye chitsanzo chimene ndimakonda kupereka. Corrie Sanders wa ku South Africa anamumaliza m'raundi yachiwiri mu 2003, Lamon Brewster anamumaliza m'raundi yachisanu mu 2004, ndipo ambiri anamuyesa mphika wosapsa bwino, woti ukangogunda wasweka. Mphunzitsi wake Emanuel Steward sanamupatse chibwano chatsopano. Anamuphunzitsa kuima patali, kugwiritsa ntchito dzanja lamanzere lalitali lija, kukumbatira mdani akayandikira, ndi kusunga mpweya. Kuyambira pamenepo sanagonjenso mpaka 2015. Mutu unali womwewo, koma nkhonya zoufika zinachepa.

Komabe kutha kwenikweni kuliko, ndipo ndakuonapo ndi maso anga mwa anyamata amene mayina awo sadzalembedwa m'nyuzipepala.

Ubongo ukagwedezeka kwambiri, maselo ake amasokonezeka. Amafuna mphamvu zambiri kuti adzikonze pa nthawi imene magazi opita kumeneko achepa. Kwa masiku angapo, nthawi zina masabata, ubongo umakhala ngati bala losapola: kugunda kochepa kumene poyamba sikukanachita kanthu tsopano kumagwetsa munthu. Ichi n'chifukwa chake mabungwe oyang'anira nkhonya amaimitsa munthu wokomoka kwa mwezi umodzi, iwiri kapena kuposa, ndipo kuimitsako kumayenera kukhudzanso nkhonya zokonzekera, osati za pamaso pa anthu zokha. Madokotala a masewero amadziwanso kuti munthu amene ubongo wake unagwedezekapo kangapo savuta kugwedezekanso, ndipo amachedwa kuchira kuposa poyamba. Tiulusi tina timene tinakokeka timaduka, ndipo timene taduka sitimeranso monga khungu limachitira.

Onani Roy Jones Jr. Kwa zaka 15 palibe amene anamukomola. Mu March 2003 anakwera kukalanda lamba wa bungwe la nkhonya la WBA m'gulu la zimphona (heavyweight) kwa John Ruiz, kenako anatsika msanga kubwerera ku gulu la makilogalamu 79. Mu May 2004 Antonio Tarver anamugwetsa ndi nkhonya imodzi m'raundi yachiwiri. Patangopita miyezi inayi, Glen Johnson anamukomola m'raundi yachisanu ndi chinayi, ndipo anagona pansi nthawi yaitali. Pambuyo pake anadzamalizidwanso ndi Danny Green, Denis Lebedev ndi Enzo Maccarinelli. Pa iye zinthu zingapo zinakumana nthawi imodzi: thupi lochotsedwa minofu mwamsanga, kubwerera m'bwalo mofulumira, ndi msinkhu wa zaka 35 kwa munthu amene chitetezo chake chonse chinali liwiro la maso ndi miyendo. Ankamenya manja ali m'munsi chifukwa palibe ankamupeza. Liwirolo litachepa pang'ono chabe, nkhonya zimene kale zinkadutsa pambali pa khutu zinayamba kutera pachibwano.

Ndikamva anthu akuti wakutiwakuti sapiriranso nkhonya, ndimayamba ndayang'ana miyendo yake. Wokalamba m'bwalo amaona nkhonya mochedwa, amabweza mutu mochedwa, ndipo akagwedezeka miyendo siimunyamula kumuchotsa pangozi. Mnyamata akagundidwa amathawa, amakumbatira, pakapita masekondi makumi awiri mutu wayera. Wamkulu amaima pomwepo n'kulandira yachiwiri ndi yachitatu, ndipo yomaliza munthu nthawi zambiri ndi imeneyo.

Gulu la heavyweight lili ndi vuto lakelake. Limayambira pa makilogalamu opitirira pang'ono 90 ndipo lilibe malire kumwamba. Usiku uja ku Riyadh, Zhang anaposa Wilder ndi makilogalamu pafupifupi 30. Thupi likhoza kukula, mapewa akhoza kukula, mphamvu ya nkhonya ikhoza kuwonjezeka, koma ubongo wa munthu wa makilogalamu 125 ndi wofewa chimodzimodzi ndi wa munthu wa makilogalamu 60. Palibe masewero olimbitsa thupi amene amaulimbitsa. Khosi mungalilimbitse, ndipo ndimalimbikitsa zimenezo, koma kumenyedwa m'mutu tsiku ndi tsiku kuti "uzolowere", monga aphunzitsi ena amanenera, n'kuwononga mwana wa eni ake. Ubongo suchita chikanga ngati dzanja la mlimi.

Zaka zobadwa pazokha sizifotokoza zonse. George Foreman analanda lamba kwa Michael Moorer mu November 1994 ali ndi zaka 45, atalandira nkhonya za Moorer maraundi asanu ndi anayi osagwa. Zaka zitatu m'mbuyomo anapirira maraundi 12 a Evander Holyfield. Anthu amatchula Foreman pofuna kutsimikiza kuti chibwano sichikalamba, koma amaiwala kuti kuyambira 1977 mpaka 1987 sanamenye nkhonya, anali mlaliki ku Houston. Zaka khumi mutu wake unapuma. Atabwerera ankabisa chibwano kuseri kwa mikono yopingasa, ndipo sankawononga mpweya. Ine ndikafuna kudziwa msinkhu wa womenya nkhonya sindifunsa chaka chobadwa chokha. Ndimafunsa kuti wamenya nkhonya zingati, zoopsa zinali zingati, ndiponso maraundi angati wamenya pokonzekera. Nambala yomalizayi ndi imene anthu sawerenga, chonsecho nkhonya zambiri zimene mutu umalandira pa moyo wonse zimachokera kumeneko, kumalo ophunzirira kumene kulibe dokotala kapena woimbira.

Tsopano pali chinthu chimene chimandipweteka mtima pa nkhani yonseyi. Amene chibwano chake chatha amaoneka, amagwa, ndipo anthu amayamba kumuuza kuti asiye. Amene ndimamuopera kwambiri ndi uja amene sagwa.

Muhammad Ali anali ndi mutu wopirira modabwitsa. Ku Kinshasa mu October 1974 anatsamira zingwe n'kulola Foreman kumumenya mpaka Foreman anatopa, n'kumugwetsa m'raundi yachisanu ndi chitatu. Ku Manila mu 1975 iye ndi Joe Frazier anapwetekana maraundi 14 m'kutentha koopsa. Mu 1977 anapirira maraundi 15 a Earnie Shavers, mmodzi mwa anthu a dzanja lolemera kwambiri amene anakhalapo. Pambuyo pa nkhonya zimenezo dokotala wake, Ferdie Pacheco, anamulangiza kuti asiye, ndipo atakana, dokotalayo anachoka. Mu October 1980 Ali anakumana ndi Larry Holmes ku Las Vegas ali ndi zaka 38, kulankhula kwake kutayamba kale kulemera. Kwa maraundi khumi anamenyedwa osabwezera kwenikweni, ndipo sanagwe. Mphunzitsi wake, Angelo Dundee, ndiye anaimitsa. Holmes, amene kale ankathandiza Ali pokonzekera, analira atapambana. Mu 1984 Ali anapezeka ndi matenda a Parkinson. Madokotala amasiyana maganizo pa gawo limene nkhonya zinatengapo pa matendawo, koma aliyense woonera nkhonya zake ndi Holmes zija amaona kuti munthuyu akanagwa m'raundi yachitatu akanapulumuka nkhonya mazana.

Izi si zatsopano. Mu 1928 dokotala wina wa ku New Jersey, Harrison Martland, analemba za omenya nkhonya akale amene ankayenda modzandira ndi kulankhula ngati aledzera, ndipo anaona kuti ambiri anali aja olowa mkati n'kulandira nkhonya kuti apereke zawo. Lero matendawa amatchedwa CTE, kutanthauza kuwonongeka kwa ubongo chifukwa chogundidwa m'mutu mobwerezabwereza. Kafukufuku wa Cleveland Clinic ku Las Vegas, amene anayamba mu 2011 kujambula ubongo wa omenya nkhonya chaka ndi chaka, anapeza kuti amene amenya nkhonya zambiri amakhala ndi mbali zina za mkati mwa ubongo zocheperapo, ndiponso amaganiza mochedwerapo. Jerry Quarry, amene ankatamandidwa chifukwa cha kulimba mtima ndi kupirira pomenyana ndi Ali ndi Frazier, anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 53, atafika poti abale ake ankamuthandiza kudya ndi kuvala.

Choncho mphunzitsi akandibweretsera chimphona chake n'kunena monyadira kuti, "Adokotala, ameneyu sanagwepo," mawuwo sandikhazika mtima pansi. Ndimamuuza mnyamatayo ayende mzere wowongoka, chidendene kutsogolo kwa chala. Ndimamuimika ndi mwendo umodzi atatseka maso. Ndimayang'ana ngati maso ake akutsatira chala changa mosadumpha. Ndimamupatsa mawu asanu kuti andibwezere pakapita mphindi zingapo. Ngati pali kanema wakale pa foni pamene ankalankhula zaka zisanu zapitazo, timamvetsera limodzi, kenako ndimamulankhulitsa lero. Ndimafunsa ngati mutu umamupweteka akachoka kokonzekera, ndipo yankho loona limachokera kwa mkazi wake kapena mayi ake, amene amadziwa ngati wayamba kuiwala zimene wamutuma, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, kapena kusowa tulo. Womenya nkhonya mwini wake amabisa, chifukwa m'nkhonyamo ndi momwe muli chakudya cha ana ake, ndipo ine ndimamumvetsa.

Zizindikiro zimenezi zikaoneka, ndimamutumiza kukajambulidwa mutu ndi kukaonana ndi dokotala wa ubongo, ndipo pepala lomulola kulowa m'bwalo sindisaina, ngakhale mbiri yake ikusonyeza kuti bondo lake silinakhudzepo pansi.