Lamulo la Mexico City: momwe chisankho cha ku America chimafikira ku chipatala cha kulera

Kodi lamuloli limati chiyani?

Limakhudza ndalama zothandizira zaumoyo zomwe America imapereka kunja. Bungwe lomwe si laboma la m'dziko lina likafuna ndalamazo, limasaina kuti silidzachotsa mimba, silidzatumiza mayi kokachotsa, ndiponso silidzamenyera kuti malamulo okhudza kuchotsa mimba afewetsedwe. Pagona nkhani ndi apa: chiletsochi chimakhudza ngakhale ndalama zomwe bungwelo lapeza kwina, kaya ku Britain kaya ku Norway. N'chifukwa chake olitsutsa amati ndi lamulo lotseka anthu pakamwa. Dzina la Mexico City linabwera chifukwa boma la Ronald Reagan linalilengeza pa msonkhano wa chiwerengero cha anthu mumzindawo mu 1984.

Nanga chisankho chikulowapo bwanji?

Lamuloli silidutsa kunyumba ya malamulo. Pulezidenti amangosaina chikalata, basi. Ndiye lakhala likuyaka ndi kuzima ngati magetsi. Bill Clinton analichotsa mu 1993, George W. Bush analibwezeretsa mu 2001, Barack Obama analichotsa mu 2009, Donald Trump analibwezeretsa mu 2017, Joe Biden analichotsa mu 2021, kenako Trump analibwezeretsanso mu Januwale 2025. Onsewa anasaina pasanathe masabata awiri chilumbirireni, ngati kuti ndi ngongole yoyamba kubweza kwa amene anawavotera. Mwa apulezidenti amenewa, aliyense wa chipani cha Republican walibweretsa, aliyense wa chipani cha Democrat walichotsa. Ndipo mkangano wa nkhani yochotsa mimba ku America unakula kwambiri kuyambira mu Juni 2022, pamene khoti lalikulu la America linafafaniza chigamulo cha 1973 chomwe chinkateteza ufulu wochotsa mimba.

Si lamulo longoletsa kuti ndalama za America zisalipire kuchotsa mimba?

Ayi. Zimenezo zinaletsedwa kale mu 1973 ndi lamulo lina lotchedwa Helms.

Palibe pomwe limamasula?

Monga linalembedwera mu 2017, linkalola pamene moyo wa mayi uli pachiswe, pamene wagwiriridwa, kapena mimba ndi ya wachibale. Mayi wobwera akutaya magazi atapita padera kapena atachotsa mimba kwina amayenera kuthandizidwa. Azaumoyo ena amaopa ngakhale zololedwazi, kuopa kuti bungwe lawo lingalandidwe ndalama.

Ife kuno ku Malawi likutikhudza pati?

Poyamba linkakhudza ndalama za kulera zokha, pafupifupi madola 600 miliyoni pachaka. Mu 2017 Trump analitambasula mpaka linafika ku ndalama za PEPFAR (pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi), za malungo ndi za uchembere, zoposa madola 8 biliyoni. Mabungwe awiri akuluakulu othandiza za kulera m'mayiko ambiri, MSI ndi IPPF, anakana kusaina, motero anataya ndalama za America. Banja La Mtsogolo ndi nthambi ya MSI, ndipo bungwe la za kulera la FPAM (Family Planning Association of Malawi) ndi membala wa IPPF.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a milandu a Malawi amalola kale kuchotsa mimba pokhapokha pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Ndiye ndalama zikaduka, zomwe zimasowa ndi jakisoni wolera, mapilitsi, noplanti, lupu, ndi mafuta a galimoto yopita kumudzi. Mayi amene amadikira galimotoyo pansi pa mtengo miyezi itatu iliyonse sanavoteko pa chisankho cha ku America.

Koma kodi limachepetsa kuchotsa mimba, monga eni ake amafunira?

Olichirikiza amati misonkho ya anthu a ku America isalimbikitse mabungwe ochita zomwe chikumbumtima chawo chimakana, ndipo kwa iwo chifukwa chimenecho n'chokwanira. Manambala akunena zina. Kafukufuku wa akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, yemwe anatuluka m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet Global Health mu 2019, anaunika mayiko 26 a kum'mwera kwa Sahara kuchokera mu 1995 mpaka 2014. M'mayiko odalira kwambiri thandizo la America, nthawi yomwe lamuloli linkagwira ntchito, kugwiritsa ntchito njira zamakono zolerera kunatsika ndi pafupifupi 14 peresenti, mimba zinachuluka ndi 12 peresenti, ndipo kuchotsa mimba kunakwera ndi 40 peresenti.