Mkangano wa 1974 umene unabala chimbale cha Soul Mover

Pakati pa anthu okonda nyimbo za gulu la rock la ku England la Deep Purple pali mkangano umene sunazirale mpaka lero, ngakhale kuti papita zaka zoposa 50 chiyambireni. Ena amati Glenn Hughes, woyimba komanso wa gitala ya besi, anasokoneza gululi polowetsamo mayimbidwe a funk ndi soul. Ena amati ndi iyeyo amene analipatsa magazi atsopano pa nthawi imene linali pafupi kutha. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ndipo umboni wanga waukulu ndi chimbale cha Soul Mover chimene mkhalakaleyu anatulutsa mu 2005. Chikondi chimene omutsatira ali nacho pa chimbalechi chinachokera kutali, ku mkangano womwewo.

Hughes anabadwa pa 21 Ogasiti 1951 m'tauni ya Cannock ku Staffordshire, m'chigawo chapakati cha England. Kumeneko kunali kwa migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo, ndipo mizinda yoyandikana nayo ndi imene inatulutsa akatswiri a nyimbo zaphokoso lolemera. Black Sabbath ndi ya ku Aston mumzinda wa Birmingham, Robert Plant wa Led Zeppelin anabadwira ku West Bromwich, Slade ndi ya ku Wolverhampton. Mnyamata wa ku Cannock woyimba gitala ya besi akanatha kungotsata njira yomweyo osacheuka. Koma makutu ake anali ku America, ku nyimbo za anthu akuda za makampani ojambula nyimbo a Motown ndi Stax, makamaka kwa Stevie Wonder, amene Hughes wakhala akumutchula moyo wake wonse kuti ndiye anamuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka mawu.

Mu 1969 iye anali m'gulu la anyamata amene anayambitsa Trapeze. Poyamba analipo asanu, kenako anatsala atatu: Hughes pa besi ndi kutsogolera kuyimba, Mel Galley pa gitala, Dave Holland pa ng'oma. Zimbale zawo za Medusa mu 1970 ndi You Are the Music... We're Just the Band mu 1972 zinali kale ndi kusakaniza kumene kunadzautsa mapiri pachigwa pambuyo pake: gitala yolira mwaukali, koma pansi pake besi ndi ng'oma zikuyenda movinitsa. Kwawo ku England sanatchuke kwenikweni. Kumene anawalandira ndi manja awiri ndi kummwera kwa America, makamaka ku Texas. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikutanthauza kuti a Deep Purple pomutenga Hughes ankadziwa bwino lomwe munthu amene akumutenga. Anali atamuonera akuyimba ndi Trapeze.

Chaka cha 1973 Deep Purple inali pachimake pa kutchuka, koma mkati munali moto. Woyimba Ian Gillan anachoka, ndipo wa besi Roger Glover naye anatuluka. Otsala anali Ritchie Blackmore pa gitala, Jon Lord pa ogani ndi Ian Paice pa ng'oma. Blackmore ankafuna kuti gululi lipendekere ku blues ndipo ankalakalaka Paul Rodgers wa gulu la Free kuti adzakhale woyimba. Rodgers anakana n'kupita kukayambitsa Bad Company. M'malo mwake anapeza David Coverdale, mnyamata wosadziwika amene ankagulitsa zovala m'sitolo ku Redcar. Hughes, yemwe analowa m'malo mwa Glover pa besi ndipo ku Trapeze anali woyimba wamkulu, anavomera kugawana mayikolofoni ndi Coverdale.

Chimbale choyamba cha asanuwa, Burn, anachijambula ku Montreux m'dziko la Switzerland ndipo chinatuluka mu Febuluwale 1974. Pa chimbale ichi palibe amene amakangana, onse amachivulira chipewa. Mawu a Coverdale ndi okhuthala, apansi, pamene a Hughes amakwera mpaka kumene amuna ambiri safika, ndipo awiriwa akamalandizana munthu umamva tsitsi kuyima. Dzina la Hughes silinalembedwe pa olemba nyimbo za chimbalechi chifukwa cha mgwirizano wina umene anali nawo kale ndi kampani ina, ndipo linadzabwezeretsedwa pamene anachitulutsanso patatha zaka 30. Pa 6 Epulo 1974 gululi linayimba pa phwando la California Jam pamaso pa anthu pafupifupi 250,000.

Zinthu zinasintha mu Ogasiti chaka chomwecho, ali mu situdiyo ya Musicland ku Munich kujambula Stormbringer. Apa Hughes ndi Coverdale anali atazolowera, salinso alendo, ndipo anabwera ndi nyimbo zawo. Holy Man ndi nyimbo yofatsa imene Hughes amayimba yekha mwa soul. Hold On ndi You Can't Do It Right zili ndi kugunda kwa funk kosabisa. Pa Holy Man ndi Hold On dzina la Blackmore palibe pa olemba, chinthu chachilendo kwa munthu amene gitala yake inali msana wa gululi. Iye sanabise kuipidwa kwake. Mayimbidwe amenewa anawatcha nyimbo za opukuta nsapato, mawu onyoza amene amandipwetekabe ndikaganizira kuti eni ake a funk ndi soul ndi ndani. Pa nthawi yomweyo anzake anakana kujambula nyimbo ya gulu lina imene iye ankaifuna. Anakaijambula ndi Ronnie James Dio pamodzi ndi anyamata a gulu la Elf, ndipo ndi mmene gulu lake latsopano la Rainbow linabadwira. Atayimba komaliza ndi Deep Purple ku Paris mu Epulo 1975, Blackmore anachoka.

Tisamuweruze mopitirira Blackmore. Mtima wake unali ku nyimbo zakale za ku Ulaya, za Bach ndi za zaka mazana apitawo, ndipo zimene anakachita ku Rainbow zinaonetsa kuti ankadziwa chimene akufuna. Gulu limene anathandiza kulimanga kuyambira 1968 linkalowera kumene iye sakanatha kukhala ndi mtendere. Kumeneko n'kusiyana kwenikweni kwa makutu, ndipo kumachitika. Chimene sindivomereza ndi ganizo limene linatsalira mwa otsatira ambiri, loti rock yeniyeni siyenera kuvinitsa chiuno, ndipo munthu ayenera kusankha chimodzi. Zaka zomwezo ku Zambia magulu monga WITCH, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi ankamvera Deep Purple, Black Sabbath, Jimi Hendrix ndi James Brown pamodzi, n'kuphika zonsezo mumphika umodzi umene lero umatchedwa Zamrock. Kwa iwo gitala yaukali ndi ng'oma yovinitsa sizinali pa udani.

M'malo mwa Blackmore munalowa Tommy Bolin wa ku America, amene anatchuka pa chimbale cha Spectrum cha Billy Cobham. Iyeyu funk ankaimva, ndipo pa Come Taste the Band ya 1975 iye ndi Hughes anagwirizana ngati apachibale. Gettin' Tighter ndi nyimbo imene imasonyeza kumene gululi likanafika. Koma onse awiri anali atamira m'mankhwala osokoneza bongo, Hughes mu cocaine, Bolin mu heroin. Mayimbidwe awo pa nsanja anayamba kulowa pansi, ndipo atayimba ku Liverpool mu Malichi 1976 gululi linatha. Mu Disembala chaka chomwecho Bolin anamwalira ku Miami ali ndi zaka 25. Kwa otsutsa, nkhani inathera pomwepo: funk inalowa, Blackmore anatuluka, gulu linagwa. Ine ndimaona kuti chimene chinagwetsa gululi ndi mankhwala ndi kutopa, ndipo nyimbozo zinangosenzetsedwa mlandu.

Zaka 15 zotsatira zinali zamdima. Panali Play Me Out mu 1977, chimbale cha soul ndi funk chokhachokha chimene sichinagulidwe kwenikweni, kenako Hughes/Thrall mu 1982 ndi Pat Thrall, kenako Seventh Star ya Black Sabbath mu 1986, kumene anachotsedwa ulendo woyimba utangoyamba kumene. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 gulu la The KLF linamuitana kuti ayimbe pa nyimbo yawo ina n'kumupatsa dzina loti The Voice of Rock, ndipo m'nyengo yomweyo iye analowa chithandizo chosiyira mankhwala.

Atachira, mkangano wakale uja unamutsatira, koma tsopano unali pakati pa omutsatira ake enieni, ngakhalenso mumtima mwake. Feel ya 1995 inali ya soul ndi funk, okonda rock anadandaula. Addiction ya 1996 inali yolemera ndi yakuda, okonda soul anasowa pogwira. Zimbale za zaka zimenezo zili ndi nyimbo zabwino, koma ukamazimvera motsatizana umamva munthu amene akuyesa kusangalatsa mbali ina lero, mbali ina mawa.

Chimene chinasintha zinthu ndi ubwenzi wake ndi Chad Smith, woyimba ng'oma wa Red Hot Chili Peppers. Smith anakulira ku Michigan akumvera Deep Purple ndi Led Zeppelin, koma ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali m'gulu limene linatchuka dziko lonse posakaniza rock ndi funk. Kwa iye funso loti usankhe chiti linalibe tanthauzo. Anayamba waonekera pa Songs in the Key of Rock mu 2003, ndipo pa Soul Mover anaomba ng'oma chimbale chonse. Pa gitala panali JJ Marsh wa ku Sweden, amene anayenda ndi Hughes zaka zambiri, pa kiyibodi Ed Roth, ndipo Dave Navarro wa Jane's Addiction anabwera ngati mlendo pa nyimbo yotsegulira. Kampani ya Frontiers ya ku Italy ndi imene inachitulutsa. Hughes anali ndi zaka 53.

Nyimbo yotsegulirayo, imene dzina lake ndi la chimbalechi, imayamba ndi gitala yolemera ngati ya 1974, koma besi ndi ng'oma zikangolowa thupi limayamba lokha kugwedezeka. Smith amamenya mwamphamvu koma amasiya mipata, ndipo m'mipata imeneyo ndi mmene besi ya Hughes imadutsa. Orion ndi Dark Star zili ndi funk yokhuthala pansi pa gitala yolusa. Let It Go imayamba monong'ona n'kumakula pang'onopang'ono mpaka mawu aja kufika pamwamba pamene anthu anawadziwira pa Burn. Yomaliza, Don't Let Me Bleed, ndi yaitali ndipo imapweteka, chifukwa woyimbayo ndi munthu amene anataya mnzake Bolin ali mnyamata ndipo iye mwini anapulumuka lokumbakumba. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti apa sanagawe nyimbo kuti iyi ya okonda rock, iyi ya okonda soul. Nyimbo iliyonse ili ndi zonse zitatu, rock, funk ndi soul, nthawi imodzi, monga zinalili ku Trapeze asanamuuze aliyense kuti n'zosaloledwa. N'chifukwa chake otsatira ake ambiri amaika chimbalechi patsogolo pa zonse zimene anajambula payekha: ndi pamene mbali ziwiri zija zinapeza chinthu chimodzi choti zonse zichikonde.

Hughes ndi Smith anapitiriza ndi Music for the Divine mu 2006, kumene John Frusciante, wa gitala wa Red Hot Chili Peppers pa nthawiyo, anabwera ngati mlendo, ndi First Underground Nuclear Kitchen mu 2008, imene inapendekera kwambiri ku funk. Kenako Hughes anayambitsa Black Country Communion ndi Joe Bonamassa, Jason Bonham ndi Derek Sherinian, dzina lake lochokera ku dera la mafakitale loyandikana ndi kwawo.

Mu 2016 Deep Purple inalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, kaundula wa ku America wolemekeza akatswiri a rock. Hughes ndi Coverdale analipo, Blackmore sanabwere. Gulu la Deep Purple la masiku ano, lotsogoleredwa ndi Gillan, siliyimba nyimbo za Burn ndi Stormbringer, choncho amene ankafuna kuzimva pa nsanja ankapita kwa Hughes, yemwe kuyambira 2017 anazungulira mayiko kwa zaka zingapo akuziyimba. Mu Seputembala 2025, ali ndi zaka 74, anatulutsa chimbale china cha yekha chotchedwa Chosen, pa kampani yomwe ija ya Frontiers.