Ng'ombe ikudya koma ikuwonda: matenda a Johne ndi mkaka umene timamwa

Ng'ombe mwaikama zaka zitatu popanda vuto. Kenako yayamba kutsegula m'mimba, ndowe zamadzimadzi zoyenderera kumchira mpaka kumiyendo. Mwaipatsa mankhwala a njoka kawiri, palibe chasintha. Nsenjere ikudya, madeya ikumaliza, thupi silikutentha, koma nthiti zikuwerengeka ndipo mkaka ukuchepa tsiku ndi tsiku. Mwina kunsi kwa chibwano kwatupa ngati mwadzaza madzi. Mukaona zimenezi itanani alangizi a ziweto, muwafunse za matenda a Johne.

Dzinali amalitchula kuti "Yone". Ndi la Heinrich Johne, dokotala wa ziweto wa ku Germany amene mu 1895, pamodzi ndi Langdon Frothingham wa ku America, anafotokoza matendawa ataunika matumbo a ng'ombe. Madokotala amawatchanso paratuberculosis, chifukwa kachilombo kake, kamene mwachidule amati MAP, n'kachibale ndi koyambitsa chifuwa chachikulu. Koma aka kamakhazikika m'matumbo. Matumbo amakhuthala n'kuchita makwinya, chakudya chimangodutsa osalowa m'thupi, nayo ng'ombe n'kumafa ndi njala pakamwa pali udzu. Mbuzi ndi nkhosa zimagwidwanso, ngakhale zambiri zimangowonda osatsegula m'mimba.

Choipa cha matendawa n'kubisala. Ng'ombe imatenga kachilomboka ili thole, makamaka m'miyezi 6 yoyamba, poyamwa bele lopakika ndowe kapena kumwa mkaka wa mayi wodwala, ndipo ina imabadwa nako. Zizindikiro zimadzaoneka patapita zaka 2 mpaka 5, nthawi zina kupitirira. Zaka zonsezo ikuoneka yonenepa, mwinanso mwaigulitsa kwa mnzanu, chikhalirenicho yayamba kale kumwaza tizilombo m'ndowe. Tizilomboto timatha kukhala moyo chaka chathunthu m'dothi lonyowa ndi m'madzi. Ku America, kafukufuku wa boma wa mu 2007 anatipeza m'makola 68 mwa makola 100 alionse a ng'ombe zamkaka. Ngakhale kuyeza n'kovuta: kachilomboka kamakula mwaulesi, moti ku labotale amadikira miyezi iwiri kapena inayi kuti kamere, ndipo kuyeza magazi kumaphonya ziweto zambiri zimene zisanayambe kudwala. Mankhwala ochiza palibe.

Nanga kwa anthu?

Funsoli n'lakale. Mu 1913 dokotala wa maopaleshoni wa ku Scotland, Kennedy Dalziel, anaona kuti matumbo a odwala ake ena akufanana ndi a ng'ombe za matenda a Johne. Mu 1932 Burrill Crohn ndi anzake ku New York anafotokoza matenda a anthuwo, amene lero amatchedwa matenda a Crohn: kupweteka m'mimba, kutsegula kosatherapo, kuwonda, nthawi zina magazi m'chimbudzi. Mu 1984 Rodrick Chiodini anakwanitsa kumeretsa MAP kuchokera m'matumbo a odwala ena a Crohn, ndipo kafukufuku wambiri wotsatira wapeza kachilomboka kawirikawiri mwa odwalawa kuposa mwa anthu ena.

Komabe kupezeka pamalo a ngozi sikutanthauza kuti ndiwe wapalamula. N'kutheka kuti kachilomboka kamangopezerapo mwayi m'matumbo amene avulala kale. Ku Australia anapatsa odwala 213 a Crohn mwayi woyesa mankhwala atatu opha MAP, ena kulandira enieni, ena ongofanizira, kwa zaka ziwiri. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinaonetsa kuti poyamba ankapezako bwino, koma phindulo silinakhalitse. Mpaka lero akatswiri sanagwirizane kuti MAP ndi amene amayambitsa matenda a Crohn. Choncho wina akakuuzani kuti mkaka umayambitsa matendawa, wanena zoposa zimene kafukufuku wapeza. Musaleke kupatsa ana mkaka.

Chimene chili chotsimikizika n'chakuti kachilomboka kamafika mu mkaka, ndipo n'kolimba. Ku Britain, kafukufuku wofalitsidwa mu 2002 anakapeza kali moyo m'pafupifupi 2 mwa mapaketi 100 alionse a mkaka wotenthetsedwa kufakitale pa madigiri 72. Wapakhomo uwiritseni mpaka ufufume, ngakhale umene mukufuna kuusandutsa chambiko. Kutero kumaphanso tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta matenda ochititsa ng'ombe kutaya bere, tomwe palibe amene amatsutsa kuti timadwalitsa anthu.

Kukhola, nkhondo yonse ili pa thole ndi ndowe. Ng'ombe iberekere pamalo pouma, pochotsedwa ndowe. Tsukani bele ndi manja anu musanakame, komanso thole lisanayamwe. Mathole akhale ndi chodyera ndi chomwera chawochawo, ndipo fosholo yowolera ndowe isakhale yomweyo yotapira madeya. Manyowa aawisi musathire pansenjere yodula n'kupatsa mathole. Pogula ng'ombe yamkaka funsani mbiri ya khola lonse, osangoyang'ana mmene yanenepera. Imene yatsimikizika kuti ikudwala ipatuleni, mkaka wake usapite kwa mathole kapena kumalo osonkhanitsira mkaka, ndipo alangizi akuuzeni zochita nayo. Kuigulitsa mwakachetechete n'kusamutsira vuto kwa mnansi wanu.

Munthu amene watsegula m'mimba kupitirira masabata awiri, akuwonda, kapena akuona magazi m'chimbudzi, apite kuchipatala msanga. Kwathu kuno madokotala amayamba ayeza HIV, TB ndi tizilombo ta m'matumbo, zomwe zili ndi thandizo lake. Ngati mumaweta ng'ombe kapena mumamwa mkaka wosawiritsa, auzeni adokotala zimenezo.