Mtembo ndi wa ndani? Mbiri ya mkangano wa Antigone ndi malume ake

Mkangano wa maliro a malemu Edgar Lungu, mtsogoleri wakale wa Zambia, ndi umene wandibwezera ku nkhani iyi. A Lungu anamwalira pa 5 June 2025 ku Pretoria, banja linkafuna kuwaika ku South Africa komweko, boma la Zambia nkumati ayi, mtsogoleri wakale amakagona ku Embassy Park ku Lusaka, mpaka khothi linaimitsa mwambo tsiku lomwe loika malirolo, kenako pa 8 August linagamula mokomera boma, banja nkuchita apilo. Anthu takhala tikungofunsana kuti kodi mtembo ndi wa ndani, wa abale kapena wa dziko? Komatu ndisasokoneze zinthu, ku Zambia amalimbirana kuti amuike ndani komanso kuti, pomwe m'nkhani ya Agiriki imene ndikufuna kukambayi mfumu inakaniratu kuti munthu asaikidwe ndi komwe. Chofanana ndi funso lokhalo, loti mphamvu za olamula zimathera pati pakagwa maliro.

Sewero la Antigone analemba ndi Sophocles ndipo linaonetsedwa ku Athens, mzinda wa Agiriki, cha m'ma 442 kapena 441 Yesu asanabadwe. Chakachi timachita kuwerengera kuchokera pa mawu akale amene ali koyambirira kwa seweroli, oti anthu analikonda zedi mpaka anamusankha Sophocles kukhala mmodzi wa akuluakulu ankhondo khumi a mzindawo. Zoti anakhaladi mkulu wankhondo pamodzi ndi Pericles, mtsogoleri wotchuka wa Athens, pa nkhondo ya kuchilumba cha Samos nzoona, koma zoti anamuvotera chifukwa cha sewero akatswiri ambiri amazikayikira, chifukwa bamboyu anali atagwirapo kale udindo wosunga chuma cha mgwirizano wa Athens mu 443, anali munthu wodziwika kale pa zandale. Masewerowa ankachitika pa chikondwerero cha mulungu Dionysus cha m'mwezi wa March kapena April, m'munsi mwa phiri la Acropolis, anthu masauzande atakhala pamtetete. Ochita sewero anali amuna atatu okha ovala zigoba kumaso, nkumasinthana mbali, ndiye Antigone amene tikumunenayu anali bambo wovala nkhope ya mtsikana. Masewero asanayambe ankayamba aonetsa ndalama za msonkho zochokera kumizinda ina, komanso ana amasiye amene abambo awo anafera kunkhondo ndipo boma lawalera, atavala zankhondo. Ndiye owonerawo amayamba kuonera mitima ili kale kumbali ya dziko.

Za kumbuyo ndingodumphadumpha. Laius, mfumu ya Thebes, anauzidwa ndi ula wa mulungu Apollo kuti adzaphedwa ndi mwana wake, anamutaya mwanayo kuphiri koma sanafe, anakula ndi dzina loti Oedipus, anapha bambo ake pamphambano osawadziwa nkukwatira mayi ake Jocasta, nabereka ana anayi, Eteocles, Polynices, Antigone ndi Ismene. Anyamata awiriwo anakanganirana ufumu, Polynices anathawira ku Argos nkubwerako ndi asilikali achilendo kudzathira nkhondo zipata 7 za kwawo komwe, ndipo abalewo anaphana okhaokha tsiku limodzi. Apa m'pomwe anthu amati onani tsoka la m'magazi, temberero la banja, zolembedwa sizifufutika. Kwaya ya madoda a ku Thebes imayimbadi zimenezo m'seweromo, yoti nyumba ikagwedezedwa ndi milungu mavuto sathera pa m'badwo umodzi. Koma ine ndikawerenga ndimaona kuti za Oedipus zinaloseredwa iye asanabadwe, pomwe za Antigone panalibe ula uliwonse umene unanena. Chilichonse chimene chikuchitika m'seweroli alipo munthu amene wachisankha maso ali gwa.

Ufumu unagwera Creon, mlongo wake wa Jocasta, kutanthauza kuti ndi malume awo enieni a anawa, munthu amene kwathu kuno tikanati mwinimbumba, woyenera kukhala patsogolo kuyendetsa malirowo. Iye analamula kuti Eteocles aikidwe ndi ulemu wonse poti anafera mzinda, koma Polynices asiyidwe pamtunda, wina asamulire, agalu ndi mbalame zimudye, ndipo wophwanya lamulolo aponyedwe miyala.

Apa tisafulumire kumuweruza Creon, chifukwa kwa anthu a ku Athens lamuloli silinali lachilendo kwenikweni. Iwo anali ndi lamulo lawo loti wogulitsa dziko kapena wakuba m'kachisi asaikidwe m'dera lawo la Attica, katundu wake alandidwe. Wolemba mbiri Xenophon analilemba lamulo limeneli. Wolemba mbiri wina, Thucydides, nayenso akuti mafupa a Themistocles, yemwe uja anapulumutsa Agiriki pa nkhondo ya pamadzi ya ku Salamis mu 480 koma anadzafera kunja atamuimba mlandu woukira, abale ake ankanena kuti anachita kuwabweretsa mwakabisira nkuwakwirira anthu osadziwa, ngakhale Thucydides mwiniwake akungoti "amatero", sakulumbira. Ndipo mawu oyamba a Creon m'seweroli, oti munthu woika mnzake patsogolo pa dziko lake ndi wachabechabe, patapita zaka pafupifupi 100, mu 343, wandale wa ku Athens Demosthenes anawawerengetsa m'khothi ngati mawu abwino a nzika yokonda dziko lake. Ndiye ambiri mwa owonera poyamba ankangovomera ndi mutu.

Kusiyana kuli apa. Ku Athens mtembo wa woukira ankautulutsa kunja kwa malire, ndipo akatswiri ambiri amamva kuti kumeneko abale akanatha kukautola nkuuika. Creon sanautaye kunja, anausiya pachigwa pafupi ndi mzinda nkuikapo alonda oti aonetsetse kuti ukuwola anthu akuona. Kumeneko ndi kupyola muyeso wa lamulo lomwe ankalidziwa. Palinso nkhani ina yowawa imene wolemba wakale Plutarch anaisunga, yochokera kwa wolemba mbiri Duris wa ku Samos, yoti nkhondo ya ku Samos itatha Pericles anamangirira akuluakulu a zombo za Asamos pamatabwa pamsika wa ku Miletus masiku 10, kenako nkuwaphwanya mitu ndi zibonga nkutaya mitembo yawo osaiika. Plutarch sakuikhulupirira, akuti olemba ena monga Thucydides, Ephorus ndi Aristotle sanainene komanso Duris anali Msamos wokonda kukokomeza mavuto a kwawo. Ena amafuna kugwiritsa nkhani imeneyi kuti asunthe chaka cha seweroli chibwere pambuyo pa nkhondoyo, koma umboni wake ndi woonda.

Tsopano pamene pali mtima wa nkhani. Antigone anapita mbandakucha yekha, Ismene atakana ponena kuti ife ndife akazi sitingalimbane ndi amuna olamula, ndipo anangowaza dothi pathupi la mchimwene wakeyo, poti kukumba manda sakanatha. Alonda atazindikira anachita mantha mpaka anachita maere kuti akanene ndani kwa mfumu. Creon anakalipa kuti wina wawapatsa ndalama. Alondawo anabwerera nkukasesa dothi lonse pamtembo womwe unali utayamba kale kuwola, nakakhala pachitunda kumbali kochokera mphepo pothawa fungo. Dzuwa lili paliwombo kunabwera kamvuluvulu wa fumbi mpaka onse anatsinzina, ndipo litasefa anaona mtsikana ataima pamtembopo akulira mokuwa, mlondayo akuti ngati mbalame yopeza chisa mulibe anapiye. Anatapanso dothi ndi manja, nathira nsembe katatu kuchokera mumtsuko wa mkuwa, ndipo pomugwira sanathawe ngakhale kukana. Pamaso pa malume akewo ananena kuti si Zeus, mfumu ya milungu, amene analengeza lamulo limenelo, ndipo chilengezo cha munthu woti adzafa sichingapose malamulo osalembedwa a milungu, amene si a lero kapena dzulo ndipo palibe akudziwa pamene anayambira. Aristotle anadzatenga mawu amenewa ngati chitsanzo cha chilungamo chimene anthu onse amachidziwa ngakhale sichinalembedwe paliponse.

Creon anapatsidwa mipata yobwerera, ndipo ndi imeneyo ndimaiwerenga. Mwana wake Haemon, yemwe anali pachibwenzi choti akwatirane ndi Antigone, anabwera mwaulemu ndithu, nkuyamba ndi kuti bambo ine ndine wanu, kenako nkuwauza zimene anthu akunong'onezana m'makwalala, zoti mtsikanayu sakuyenera kufa. Anawakumbutsa kuti mtsinje ukasefukira mitengo yowerama imatsala koma youma khosi imazuka ndi mizu yomwe. Creon anafunsa ngati mzinda ndiwo uzimuuza zochita, Haemon nkuyankha kuti mzinda wa munthu mmodzi si mzinda. Anasiyana atatukwanana. Kwa Antigone, chomwe Creon anasintha ndi chilango chokha, anati asamuponye miyala koma amutsekere wamoyo m'phanga la mwala ndi kachakudya pang'ono kuti mzinda usadetsedwe ndi magazi ake, ndiye kuti iye yemwe ankadziwa kuti pali china choposa lamulo lake chimene ayenera kuchiopa. Kenako kunabwera Tiresias, mlosi wakhungu wotsogozedwa ndi kamnyamata, nanena kuti mbalame zikukhadzulana, nsembe ikukana kuyaka mafuta akungochucha paphulusa, chifukwa agalu ndi mbalame zamwaza zidutswa za mtembo uja pamaguwa onse. Naye Creon anamunena kuti wadya ndalama. Mlosiyo atapsa mtima anamuuza kuti watsekera wamoyo pansi nkusunga wakufa pamtunda, ndipo alipira ndi mtembo wochokera m'thupi mwake.

Apa Creon anagonja, ndipo apa m'pomwe ine ndimaona kuti nkhani yonse inakhotera. Madoda aja anamuuza zinthu ziwiri motsatana: pitani mukamasule mtsikanayo m'phanga, ndipo mukamuike wakufayo. Iye anavomera kuti poti ndinamumanga ndine ndikamumasulanso ndekha. Koma wamthenga pofotokoza akuti anayambira kumtembo. Anapemphera kwa milungu ya kumanda, anasambitsa zotsala zimene agalu anasiya, anathyola nthambi zaziwisi nkuziwotcha, anaunjika mtumbira wautali wa dothi la kwawo, zonsezo zikutenga nthawi, ndipo pokafika kuphanga anamva kulira kwa Haemon. Antigone anali atadzimangirira ndi nsalu. Haemon anawalavulira bambo ake kumaso, anasolola lupanga nkuwaphonya, kenako anadzibaya yekha atakumbatira mtembo wa bwenzi lake. Mayi ake a Haemon, Eurydice, atamva analowa m'nyumba osanena kanthu nkukadzibaya paguwa akutemberera mwamuna wawo.

Kodi akanayambira kuphanga akanamupeza wamoyo? Sophocles sananene nthawi imene Antigone anafa, ndiye palibe angalumbire. Ena amati mlosi atangolankhula zinali zitatha kale, ena amati wolembayo anangofuna kuti zoopsa za kuphanga zibwere kumapeto. Mwina. Koma wakufa akanatha kudikira ola lina, wamoyo ayi, ndipo munthu amene anachedwa tsiku lonse ndi makani anachedwanso potsiriza posankha njira. Creon mwini akulira amanena zonse ziwiri, kuti mulungu anamumenya pamutu ndi katundu wolemera, komanso kuti mlanduwu sungakankhiridwe kwa munthu wina aliyense, anapha ndi iye.

Antigone naye sanali wofewa, ndisabise. Ismene atafuna kufa naye limodzi anamukana mwaukali, ndipo madoda aja anamuuza poyera kuti mtima wake wosamva za wina ndi umene wamuwononga. Palinso ndime ina imene yavutitsa anthu zaka zambiri, pamene akunena kuti akanakhala mwamuna wake kapena mwana wake sakanaphwanya lamulo, poti amenewo angapezeke ena, koma makolo atafa mlongo wina sangabadwenso. Mlembi wa ku Germany Goethe ankalakalaka wina atatsimikiza kuti mawuwo si a Sophocles. Vuto nloti Aristotle anawatchula, ndiye analimo kale m'zaka za m'ma 300 BC, komanso akufanana ndi nkhani ya wolemba mbiri Herodotus ya mkazi wa Intaphernes amene mfumu Darius ya ku Persia itamuuza kuti apulumutse mmodzi wa abale ake oti aphedwe anasankha mlongo wake. Kwa ine ndi mawu a mtsikana amene akupita kukafa yekha popanda womulira, akuyesa kudzifotokozera chifukwa chake.

Athens yomweyo inadzaona zimenezi kunja kwa sewero. Mu 406 BC anapambana nkhondo ya pamadzi ku Arginusae, koma kunabwera namondwe ndipo akuluakulu ankhondo sanathe kuvuula anthu a m'zombo zosweka. Xenophon akutsindika za amoyo amene anasiyidwa kuti amire, Diodorus yemwe analemba zaka mazana pambuyo pake akutsindika za mitembo imene sinatoledwe kuti ikaikidwe. Anthu anakwiya, ndipo munthu wina dzina lake Callixeinus anabweretsa ganizo loti onse aweruzidwe ndi voti imodzi, zomwe zinali zosemphana ndi malamulo awo. Lamulo lija la oukira timalidziwa kuchokera pamlandu womwewu, poti amene ankawaikira kumbuyo anapempha kuti bola awazenge mmodzimmodzi pogwiritsa lamulo limenelo. Socrates, yemwe anali m'gulu lotsogolera msonkhano, anakana yekha kuchita zosemphana ndi lamulo, koma voti inachitikabe ndipo akuluakulu 6 amene anabwerera kumudzi anaphedwa, mmodzi mwa iwo mwana wa Pericles. Sophocles anamwalira cha m'miyezi yomweyo ali ndi zaka pafupifupi 90. Xenophon akuti sipanapite nthawi anthu anayamba kudandaula ndi zimene anachita nkutembenukira amene anawanyenga aja, ndipo Callixeinus atathawa nkudzabwereranso patapita zaka, aliyense ankamuda mpaka anafa ndi njala.