Boma la America loyamba: lobwereka ndalama koma losatha kutolera msonkho

Nkhondo yomenyera ufulu itatha mu 1783, America inali ndi boma lomwe linkatha kubwereka ndalama koma lilibe mphamvu yokhometsa msonkho. Mavuto ambiri a zaka zimenezo anachokera pamenepa.

Malamulo oyamba oyendetsera dzikolo, Articles of Confederation, anayamba kugwira ntchito mu 1781. Owalemba anali akumenyana ndi Britain pa nkhani ya misonkho yomwe ankawakhometsa osawafunsa, choncho anaopa kupatsa Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, mphamvu yomweyo. Congress inkangowerengera ndalama zofunika, n'kuuza chigawo chilichonse mwa zigawo 13 zoti chipereke, kenako n'kudikira. Zigawo zinkapereka pang'ono chabe, mochedwa, ndipo panalibe pulezidenti kapena khoti loti n'kuzikakamiza.

Kukonza vutoli kunali kovuta chifukwa kusintha lamulo kunkafuna kuti zigawo zonse 13 zivomere. Mu 1781 Congress inapempha msonkho wa 5 peresenti pa katundu wochokera kunja. Rhode Island, chigawo chaching'ono kuposa zonse, inakana mu 1782, nkhani n'kufera pomwepo. Atayesanso, New York ndiyo inatchinga njira.

Omwe anamva kuwawa msanga anali asilikali. Mu June 1783 mazana a iwo anazinga nyumba yomwe Congress inkakumanira ku Philadelphia, akufuna malipiro awo. Akuluakulu a Pennsylvania, chigawo chomwe kuli mzindawu, sanatumize oteteza aphungu a Congress, ndipo aphunguwo anathawira ku Princeton. Boma lomwe linagonjetsa Britain linalephera kudzilondera lokha.

Nkhani ya ku Massachusetts ndiyo imaonetsa bwino mmene chinthuchi chinkapwetekera munthu wamba. Chigawochi chinakweza misonkho kuti chibweze ngongole za nkhondo, ndipo chinkafuna ndalama zachitsulo. Mlimi wa kumadzulo kwa chigawocho anali ndi ng'ombe, mbewu ndi munda, koma siliva alibe. Akalephera kulipira, khoti linkamulanda ziweto ndi malo, ena n'kuponyedwa m'ndende chifukwa cha ngongole. Ambiri mwa alimiwa anali omwe aja anamenya nkhondo osalipidwa mokwanira. Mu 1786 anayamba kutseka makhoti, ndipo mu January 1787 gulu lotsogozedwa ndi Daniel Shays linafuna kulanda mosungira zida ku Springfield. Anabwezedwa ndi mizinga, anayi n'kufa. Asilikali otsogozedwa ndi kazembe wankhondo Benjamin Lincoln omwe anabalalitsa gululo analipidwa ndi ndalama zosonkhedwa ndi amalonda a ku Boston, poti Congress inalibe chopereka.

Mayiko akunja nawo anaona kufooka kumeneku. Britain inakana kuchoka m'malinga a Detroit ndi Niagara, ndipo Spain inatseka mtsinje wa Mississippi kwa amalonda a ku America mu 1784.

Nthumwi zomwe zinakumana ku Philadelphia mu 1787 zinalemba malamulo atsopano opatsa Congress mphamvu yokhometsa msonkho mwachindunji, ndipo zinati zigawo 9 zikavomera ndi zokwanira kuti ayambe kugwira ntchito. Koma kukhala ndi mphamvu sikunathetse kukana. Msonkho wa kachasu wa mu 1791 unautsa alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania, ndipo mu 1794 Pulezidenti George Washington anaitanitsa asilikali pafupifupi 13,000 kuti akawaletse.