Kodi umphawi ndiwo umabala zigawenga? Zimene Alan Krueger anapeza

Zigawenga zitagwetsa nyumba zosanja za World Trade Center ku New York pa 11 September 2001, atsogoleri ambiri a mayiko anathamangira kunena kuti gwero la uchigawenga ndi umphawi ndi kusaphunzira. Pulezidenti George W. Bush nayenso, polankhula ku Monterrey m'dziko la Mexico mu March 2002, anati kulimbana ndi umphawi ndi njira yoyankhira uchigawenga. Maganizowa amamveka bwino, koma katswiri wa zachuma Alan Krueger, wa pa yunivesite ya Princeton, anafuna kuona kaye ngati ziwerengero zikuvomereza.

Aka sikanali koyamba kuti Krueger, yemwe anabadwa mu 1960, atsutse zimene anzake ankazitenga ngati zosakayikitsa. Mu 1994, iye ndi David Card anafufuza malo ogulitsira zakudya zophikaphika ku New Jersey ndi ku Pennsylvania, New Jersey itakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ola, ndipo anapeza kuti ntchito sizinachepe monga mabuku a zachuma ankaphunzitsira. Pambuyo pake anatsogolera bungwe la alangizi a zachuma a Pulezidenti Barack Obama kuyambira 2011 mpaka 2013, ndipo anamwalira mu 2019.

Pa nkhani ya uchigawenga anagwira ntchito ndi Jitka Malečková, ndipo zotsatira anazisindikiza mu 2003. Awiriwa anasanthula mbiri za anthu 129 a Hezbollah, gulu lankhondo la ku Lebanon, amene anafera kunkhondo, n'kuwayerekeza ndi anthu wamba a ku Lebanon. Anapeza kuti mwa ankhondowo 28 peresenti anali osauka, pamene mwa anthu wamba osauka anali 33 peresenti, ndiponso kuti ankhondowo anafika kusekondale ochulukirapo. Kusiyana kwake n'kochepa ndithu, koma chachikulu n'chakuti sikunalowere kumene anthu ankayembekezera. Wophunzira wa Krueger, Claude Berrebi, anapezanso kuti ambiri mwa Apalestina amene ankadziphulitsa ndi mabomba sanali ochokera m'mabanja osaukitsitsa, ndipo anali ophunzira kuposa anzawo.

M'buku lake la 2007, What Makes a Terrorist, Krueger anafotokoza kuti uchigawenga ndi ndale zochitidwa mwankhanza, ndipo amene amalowa kwambiri m'ndale amakhala oti anapitako kusukulu, amawerenga nkhani, ndipo ali ndi mpata woganizira zina osati chakudya cha lero chokha. Poyerekeza mayiko, anaona kuti zigawenga zimachokera kwambiri kumene anthu amaponderezedwa, kumene kulankhula zakukhosi, kusonkhana ndi kuchita zionetsero n'koletsedwa, pamene chuma cha dzikolo pachokha sichinaonetse mgwirizano wooneka.

Otsutsa alipo, ndipo ine ndimaona kuti mfundo ya katswiri wa zandale Ethan Bueno de Mesquita ndi yolemera. Iye anati magulu a zigawenga amasankha anthu monga amachitira olemba ntchito: ofuna kulowa angakhale ambiri, osauka ndi olemera omwe, koma gulu limatenga odziwa zinthu, amene angathe kudutsa pabwalo la ndege osakayikiridwa. Ngati zili choncho, mbiri za amene anasankhidwa sizitiuza zonse za amene anadzipereka.

Palinso kusiyana pakati pa uchigawenga woterewu ndi nkhondo zapachiweniweni, zimene kafukufuku wa James Fearon ndi David Laitin anasonyeza kuti zimabuka kwambiri m'mayiko osauka. N'chifukwa chake sitingangotenga zimene Krueger anapeza n'kufotokozera nazo nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, imene inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia. Kumeneko gulu la zigawenga limalanda midzi ndipo limafuna asilikali ambiri, choncho achinyamata osowa ntchito, amene amangoona chuma cha gasi ndi miyala ya rube chikuwadutsa pakhomo, savuta kuwakopa.